Ulendo woyamba wokasaka elk ndi uta m'nkhalango ya boma ku Colorado: msasa ndikamange kutali bwanji ndi msewu?

Bambo a Tadala, Aurora

Moni nonse akuluakulu ndi abale a pa gulu lino. Nkhani imene ndabwera nayo siikambidwa kawirikawiri pakati pathu, koma ndikudziwa kuti alipo ena amene akhalitsa kumadzulo kwa America ndipo ulenje wa kuno amaudziwa bwino. Mwezi wa Sepitembala ukubwerawu ndikufuna kupita koyamba kukasaka elk ndi uta ndi mivi m'nkhalango ya boma kumadzulo kwa Colorado. Ndipita ndi mnzanga wa kuntchito amene anabadwira konkuno ndipo anasakapo agwape ndi mfuti, koma elk nayenso sanailasepo ndi muvi. Kwa abale amene muli kumudzi, elk ndi nyama ya mtundu wa agwape koma yoposa ngoma kukula kwake. Yamphongo yokhwima imalemera makilogalamu pafupifupi 320, yaikazi pafupifupi 225, ndipo nyanga za yamphongo zimakhala za nthambi, zimagwa chaka chilichonse n'kumeranso zina.

Maphunziro a alenje ndinamaliza, popeza lamulo la Colorado limafuna kuti aliyense amene anabadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949 akhale ndi khadi ya maphunzirowo asanagule chiphaso. Uta wanga ndi wa compound, wokhala ndi timagudumu kunsonga kwake, wofuna mphamvu ya mapaundi 60 poukoka, ndipo ndakhala ndikuphunzira kulasa kuyambira nyengo yozizira, moti pa mtunda wa mamita 40 mivi yanga imagwera pamodzi. Maganizo athu ndi akuti tikasiye galimoto pamene pathera msewu, tibereke tenti ndi chakudya, tiyende makilomita 12 kapena 15 kulowa m'kati mwa nkhalango kumene alenje ena safika, ndipo tikakhale kumeneko sabata yathunthu. Funso langa lalikulu ndi lakuti, kodi mtunda umenewu ndi woyenera kwa anthu awiri amene akuyamba kumene? Safunsa anadya phula, choncho chilichonse chimene mungandilangize ndichilandira ndi manja awiri.

A Nkhoma, Grand Junction

Bambo a Tadala, ndakondwa kuti mwafunsa musananyamuke. Ndiyankha mosabisa: makilomita 15 ndi ambiri kwa anthu awiri opanda akavalo, ndipo chifukwa chake sikupita kwake ayi, koma kubwerako muli ndi nyama kumsana. Munthu amene sanaonepo elk itagwa pansi amaganiza za kuipeza ndi kuilasa basi, pamene ntchito yeniyeni imayamba muvi ukalowa. Yamphongo yaikulu, mukaisenda ndi kuchotsa mafupa onse, imakupatsani mnofu wa makilogalamu pafupifupi 100, ndipo mwendo umodzi wakumbuyo pamodzi ndi fupa lake umaposa makilogalamu 25. Onjezerani mutu ndi nyanga, tenti, zofunda, uta ndi madzi. Anthu awiri simungathe kunyamula zonsezi ulendo umodzi, ndiye kuti mtunda uja mudzauyenda mobwerezabwereza, kukwera ndi kutsika, modumpha mitengo yakugwa imene yadzaza m'nkhalango zathu chifukwa cha tizilombo tofukula mapaini. Walira mvula walira matope.

Kumbukiraninso kuti kumayambiriro kwa Sepitembala masana kumatentha kupitirira madigiri 20, ngakhale kuti usiku kumatha kugwa chisanu. Elk ili ndi chikopa chokhuthala ndi thupi lalikulu losunga kutentha, ndipo nyama imayamba kuwonongeka kuchokera m'kati, pafupi ndi mafupa a m'chiuno ndi m'khosi. Ku Colorado kusiya nyama yodyedwa kuti iwole m'tchire ndi mlandu. Lamulo limafuna kuti mutulutse miyendo yonse inayi, minofu iwiri ya m'mbali mwa msana, ndi timinofu tofewa ta m'kati mwa msana. Ngati malowo ali m'dera la wilderness, ndiko kuti dera losungidwa mwachilengedwe chake, monga Flat Tops, dziwani kuti lamulo la 1964 limaletsa galimoto, njinga yamoto, njinga yakapalasa, ngakhale wilibala. Kumeneko katundu amatuluka pamsana pa munthu kapena pa kavalo.

Langizo langa ndi lakuti mufunefune pa mapu malo amene ali makilomita atatu mpaka asanu kuchokera pa msewu, koma ovuta kufikako: kuseri kwa chitunda chotsetsereka, kapena kutsidya kwa chigwa chimene mulibe njira ya mapazi. Alenje ambiri amasaka pafupi ndi msewu, ena amapita kutali kwambiri ndi akavalo, ndipo pakati pa magulu awiriwa pamatsala malo amene elk zimabisalamo. Ngati mtima wanu uli pa kupita kutali ndithu, panganani ndi munthu wa akavalo amene ali ndi chilolezo musanalowe m'nkhalango, osati nyama itagwa kale.

Malume a ku Liwonde

Ndikupepesa kulowerera nkhani ya kutali ndi kwathu, koma yandikhudza. Ine ndimakhala moyandikana ndi nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene misampha ya waya inatheramo nyama zisanakhwime ntchito zoteteza pamene a African Parks anayamba kuyang'anira malowa mu 2015. Kuno munthu akapezeka ndi uta kapena nyama m'nkhalango ya boma amanjatidwa, ndipo ambiri a ife tinavomereza kuti zikhale choncho chifukwa tinaona kutha kwa nyama. Tsono ndikamva kuti mwana wa kwathu akukonzekera kukapha nyama m'nkhalango ya boma la eni ake, mtima wanga sukukhazikika. Kodi boma limeneli limalola bwanji zimenezi? Ndiponso, ngati kupha n'kololedwa, bwanji osagwiritsa ntchito mfuti imene imapha msanga? Makolo athu ankapita ku uzimba ndi mauta chifukwa ndi zimene anali nazo, ndipo ankakhala ambiri pamodzi ndi agalu, moti nyama yolasidwa sinkapita patali. Munthu mmodzi ndi muvi umodzi, sindikuona chimene chingaletse nyama kuthawa ndi bala n'kukafera kumene palibe amene adzaidye.

A Nkhoma, Grand Junction

Malume, funso lanu ndi loyenera ndipo ndiliyankha mwaulemu. Kuno malo a boma ali m'magulu osiyana. Ku Rocky Mountain National Park ndi ku Yellowstone kusaka n'koletsedwa monga ku Liwonde. Koma nkhalango zimene zili m'manja mwa Forest Service, maekala pafupifupi 193 miliyoni m'dziko lonse, ndi malo a Bureau of Land Management, maekala pafupifupi 245 miliyoni, ndi a anthu onse, ndipo aliyense amene ali ndi chiphaso amaloledwa kusakamo pa nyengo yake. Nyamazo zimayang'aniridwa ndi boma la chigawo chilichonse. Kuno ndi a Colorado Parks and Wildlife amene amawerenga misambi ya elk ndi kugamula kuchuluka kwa zimene zingaphedwe.

Zimene munaona ku Liwonde zinachitikanso kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 elk zinatsala pang'ono kutha chifukwa cha anthu opha nyama n'cholinga chogulitsa, moti ku Colorado anachita kubweretsa zina kuchokera ku Wyoming. Chimene chinasintha zinthu ndi kuletsa malonda a nyama zakutchire, kuika nyengo zosakira, ndi lamulo la Pittman-Robertson la 1937 limene linaika msonkho pa mfuti ndi zipolopolo kuti ndalamazo zizipita ku ntchito yosamalira nyama. Pambuyo pake msonkhowo unafikanso pa mauta ndi mivi, ndipo uta umene Bambo a Tadala anagula unalipira 11 peresenti. Lero Colorado ili ndi elk pafupifupi 300,000, zochuluka kuposa chigawo china chilichonse.

Pa nkhani ya bala, sindikutsutsani. Muvi umapha potaya magazi, osati pophwanya ngati chipolopolo. Ukapyoza mapapo onse awiri nyama imagwa m'kanthawi kochepa, koma ukalowa molakwika nyama imavutika. N'chifukwa chake lamulo la kuno limafuna uta wosachepera mapaundi 35 ndi nsonga ya muvi yachitsulo yokhala ndi mbali zakuthwa zosachepera ziwiri. Komabe lamulo silingagwire dzanja la munthu pa nthawi yolasa. Mlenje wa uta ayenera kukhala wokonzeka kuiona nyama ili pafupi n'kuisiya ipite, ndipo m'madera ambiri amene amabwerako ndi elk pa nyengo ya uta ndi pafupifupi mmodzi mwa alenje khumi.

Mayi a Chikondi, Denver

Ine sindine mlenje, ndine namwino, koma ndili ndi mawu amene ndikupempha Bambo a Tadala kuti asawanyozere. Kuno ku Denver tili pa mamita 1,609 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo elk za Sepitembala zimakhala pa mamita 2,700 mpaka 3,500. Kunena kwina, msasa wanu ukhoza kukhala pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002, ndipo kumeneko mudzagona ndi kugwira ntchito yolemetsa kwa masiku angapo. Kupweteka kwa mutu, nseru, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kusagona bwino ndi zizindikiro zoyamba za matenda a m'mapiri. Munthu akayamba kutsokomola ndi kubanika ngakhale atakhala pansi, kapena akayamba kudzandira ndi kusokonezeka maganizo, mankhwala ake ndi kutsika nthawi yomweyo, ngakhale utakhala usiku.

Pali chinthu china chimene chimatikhudza ife a ku Africa kuno kuposa mnzanu wa kuntchitoyo. Ambiri mwa ife tili ndi mbewu ya sickle cell m'magazi osadziwa, chifukwa munthu wotere sadwala m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Koma pamalo okwera kwambiri, thupi likatopa ndi kuchepa madzi, kapamba amatha kutsekeka mitsempha, ndipo munthu amamva ululu waukulu kumanzere pansi pa nthiti. Kuyezetsa kwake n'kosavuta, choncho kaonaneni ndi dokotala wanu mwezi uno. Madzi a m'mitsinje ya kumeneko amaoneka oyera koma amakhala ndi giardia, tizilombo totsegula m'mimba, ndiye muziwasefa kapena kuwawiritsa. Pomaliza, foni siigwira m'zigwa zambiri. Tengani kachipangizo kotumizira uthenga kudzera pa satelayiti, ndipo Amayi a Tadala muwasiyire pepala losonyeza pamene mwasiya galimoto ndi tsiku limene muyenera kutuluka.

A Banda, Bozeman

Achimwene a Nkhoma anena zoona pa nkhani ya kulemera kwa nyama, koma ine ndisiyana nawo pang'ono pa nkhani ya msasa. Vuto limene ndimaliona kwa oyamba kumene sikutalika kwa mtunda kokha, koma kumangirira ulendo wonse pa chigwa chimodzi. Elk si nyama yomwazikana m'nkhalango monse. Zimayenda m'misambi, ndipo mukhoza kuyenda tsiku lonse m'malo okongola opanda ngakhale imodzi, pamene chigwa chotsatira chili ndi makumi atatu. Mukabereka katundu wa sabata yonse n'kukafika kumene kulibe nyama, mudzazengereza kusamuka chifukwa cha thukuta limene mwataya kale. Ine ndikanakonda musankhe malo anayi kapena asanu pa mapu, mugone pafupi ndi galimoto masiku oyamba pamene thupi likuzolowera, ndipo mulowe ndi tenti pokhapokha mutapeza zizindikiro zatsopano: ndowe zonyowa, timitengo tokwechedwa makungwa ndi nyanga tikadali ndi utomoni, zithaphwi zamatope zimene yamphongo yagudubukamo madzi ake akadali ovunduka, ndi fungo lake limene simudzaliiwala mukangolimva. Masana zimagona m'nkhalango yowirira kumbali ya phiri yoyang'ana kumpoto kumene kuli mthunzi wozizira, ndipo zimadya m'madambo usiku ndi m'mbandakucha.

Chachiwiri ndi mphepo, ndipo ndikanati ndikhale ndi mawu amodzi okha ndikananena amenewa. Elk ikakuonani imatha kukayika, ikakumvani mukuthyola kamtengo imatha kuganiza kuti ndi inzake, koma ikamva fungo lanu nkhani yatha. M'mapiri mphepo ili ndi dongosolo lake: m'mawa kukadali kozizira imatsika phiri, dzuwa likatenthetsa nthaka imatembenuka n'kumakwera, ndipo madzulo imatsikanso. Choncho m'mawa muziyandikira nyama kuchokera kumunsi kapena m'mbali, masana kuchokera kumtunda, ndipo pa nthawi imene mphepo ikusinthasintha ndi bwino kukhala pansi patali n'kudikira. Kabotolo ka ufa woonera mphepo kakhale m'thumba la kutsogolo. Tenti musaimange m'dambo limene zimadyamo.

Za kuitana, Sepitembala ndi nyengo yokwerana, ndipo zamphongo zimalira kulira kwakutali kuja kumene alenje amati bugle. Phunzirani kulira kwa yaikazi ndi kachipangizo koika m'kamwa, chifukwa kamasiya manja anu pa uta. Woitana akhale mamita 50 kapena kuposerapo kumbuyo kwa wolasa, kuti nyama ikabwera ikuyang'ana kumene kukuchokera mawu idutse pambali pa wolasayo. Wolasa agwade kutsogolo kwa chitsamba, osati kuseri kwake, ndipo ayezeretu mtunda wa mitengo yomuzungulira nyama isanafike. Kuno ku Montana timasaka tili ndi mantha a zimbalangondo za grizzly, pamene ku Colorado kuli zakuda zokha, komabe chakudya ndi nyama muzipachika patali ndi pogona.

Bambo a Tadala, Aurora

Zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi mnzanga ndipo tagwirizana kuti tisapitirire makilomita asanu kuchokera pa galimoto, komanso tasankha malo angapo monga mwanenera a Banda. Mayi a Chikondi, ndapangana kale tsiku ndi dokotala. Malume, mawu anu ndawasunga, ndipo ndikupempha a Nkhoma kuti andifotokozere bwino za malo oyenera kulasa ndi zoyenera kuchita muvi ukachoka, chifukwa pamenepa ndi pamene ndikuopa kwambiri. Ndifunsenso za chiphaso: ndamva kuti malamulo ogulira pa kauntala anasintha, kodi zikundikhudza?

A Nkhoma, Grand Junction

Kuyambira mu 2025 anthu ochokera kunja kwa Colorado sagulanso pa kauntala chiphaso chosakira elk ndi uta m'madera a kumapiri, amayenera kulowa m'maere. Inu amene mwakhala m'chigawo chino kupitirira miyezi isanu ndi umodzi ndipo muli ndi laisensi ya galimoto ya kuno mumatengedwa ngati nzika ya chigawochi, ndiye mukhoza kugula. Koma chiphasocho sichigwira ntchito m'madera onse, choncho werengani kabuku ka malamulo ka chaka chino ndi kutsimikiza nambala ya dera lanu. M'madera ambiri yamphongo yololedwa ndi imene ili ndi nthambi zinayi pa nyanga imodzi, kapena nthambi ya pamphumi yotalika mainchesi asanu. Dziwaninso kuti mwini malo kuno sakakamizidwa kuika mpanda kapena chikwangwani, ndipo udindo wodziwa malire ndi wanu, choncho mapu a pa foni osonyeza malire muwasunge kuti azitseguka popanda intaneti. Pakati pa mwezi amalowanso alenje a mfuti za onga, ndiye chipewa cha mtundu wa lalanje n'chothandiza poyenda, makamaka mutabereka nyanga.

Za kulasa, dikirani nyama iime chopingasa, kapena itembenuke pang'ono kukupatsani nthiti ikuyang'ana kwina. Lunjikani kumbuyo pang'ono kwa mwendo wakutsogolo, cha pansi pa pakati pa thupi. Fupa la phewa la elk limaimitsa muvi. Ngati pa bwalo mumalasa bwino pa mamita 40, m'phiri muli wefuwefu dziikireni malire a mamita 30. Muvi ukachoka musasunthe. Onetsetsani pamene nyama yalowera, mvetserani, ikani chizindikiro pamene munaima, ndipo dikirani mphindi zosachepera 30. Kenako muwerenge muviwo: magazi ofiira owala okhala ndi thovu ndi a m'mapapo, akuda bii ndi a chiwindi ndipo amafuna kudikira maola anayi kapena kuposerapo, pamene zobiriwira zonunkha ndi za m'matumbo ndipo pamenepo mumabwerera m'mbuyo mwakachetechete n'kudikira nthawi yaitali kwambiri. Nyama yolasidwa ikasiyidwa imagona pafupi, ikathamangitsidwa imapita kutali.

Mukaipeza, sainani chiphaso kaye. Simufunika kuitumbula: sendani mbali imodzi, chotsani miyendo iwiri, mnofu wa msana, wa khosi ndi wa nthiti, kenako muitembenuze. Chiwalo chosonyeza kuti ndi yamphongo kapena yaikazi chikhale cholumikizika ku mwendo umodzi, chifukwa oyang'anira nyama amachifuna. Nyama muiike m'matumba ansalu opitisa mphepo, osati apulasitiki, ndipo muipachike pamthunzi pafupi ndi mtsinje.

Bambo a Tadala, Aurora

Abale, tabwerako bwino, ndipo ndaona kuti ndi ulemu kudzakufotokozerani mmene tinayendera. Zoyeza za magazi zinatuluka bwino tisananyamuke. Malo awiri oyamba tinapezamo magalimoto ambiri ndi zizindikiro zakale zokhazokha, ndipo tinasamuka msanga monga anatilangizira a Banda. Malo achitatu anali chigwa chopanda njira, chotsetsereka kwambiri, ndipo titangotsikamo tinamva fungo lija tisanaone chilichonse. Tinabwerera kukatenga tenti n'kuimanga pa chitunda, makilomita anayi kuchokera pa galimoto. Usiku umenewo ndinamva bugle koyamba, mawu oyamba pansi ngati kubangula n'kukwera kukhala likhweru lalitali, ndipo zina zinkayankha kutsidya. Tulo sindinatione, osati chifukwa cha kuzizira.

M'mawa wina mnzanga akuitana kumbuyo kwanga, yamphongo ya nthambi zisanu mbali iliyonse inabwera ikuthyola mitengo, n'kudzaima pa mamita 18 ikuyang'ana kumene ndinagwada. Uta ndinali nditakoka kale pamene mutu wake unali kuseri kwa mtengo. Inaima chondiyang'ana, chifuwa ndi phewa zili kwa ine, ndipo ndinkaona mpweya ukutuluka m'mphuno mwake. Ndinadikira kuti itembenuke mpaka manja anayamba kunjenjemera, koma sinatembenuke. Nditabweza nsinga pang'onopang'ono inaona kusunthako, inatembenuka mwamphamvu n'kupita. Muvi sindinauponye.

Kutatsala pang'ono kuti ulendo uthe, mnzanga analasa yaikazi madzulo pa mamita 25 itaima chopingasa pafupi ndi chithaphwi. Tinadikira monga munanenera, ndipo muvi unali ndi magazi a thovu kuyambira ku nsonga mpaka ku nthenga. Tinaipeza itafa pa mtunda wosakwana mamita 100. Malume, ndikufuna mudziwe kuti sinavutike nthawi yaitali. Tinasenda ndi tochi za pamphumi mpaka pakati pa usiku, mmodzi akugwira mwendo wina akucheka, ndipo tinapachika matumba pa mtengo pafupi ndi kamtsinje kumene kunkazizira kwambiri. Kutulutsa nyamayo kunatenga tsiku lonse lotsatira. Pa chitunda chija ndinkayenda masitepe ochepa n'kuima, lamba wa chikwama akudya m'chiuno, ndipo ndinkangoganiza za makilomita 15 amene ndinalemba mu uthenga wanga woyamba. Iyi inali yaikazi, yopanda nyanga, pa makilomita anayi okha. Nyama yonse inafika m'mabokosi a ayisi ili yozizira ndi yonunkhira bwino, ndipo palibe imene inatayika.

A Banda, Bozeman

Mwayenda bwino, achimwene, ndipo ndakondwa nanu. Pa nkhani ya yamphongo ija, ndinene kuti alipo alenje odziwa amene amalasa nyama yowayang'ana pa mtunda waufupi chotero, polunjika pamene khosi limalowera m'chifuwa, ndipo muvi ukalowa bwino nyama imagwa msanga kwambiri. Elk yobwera poitanidwa nthawi zambiri imabwera choyang'ana, ndiye nkhaniyi mudzakumana nayonso. Sindikunena kuti munayenera kulasa, koma ndikufuna muiphunzire bwino pa nyama yosendedwa kuti mudziwe kukula kwa mpata umenewo. Chimene chingathandize kwambiri n'chakuti woitana asunthire kumbali pamene nyama ikuyandikira, kuti iyo ikhote n'kukupatsani nthiti.

A Nkhoma, Grand Junction

Pamenepa a Banda sindigwirizana nanu kwenikweni. Mpata umenewo ndi waung'ono, wozunguliridwa ndi mafupa a mapewa ndi a chifuwa, ndipo Bambo a Tadala anena kuti phewa linali kwa iwo, kusonyeza kuti nyamayo inapendekeka pang'ono. Muvi ukaphonya pang'ono pokha umalowa papo limodzi kapena kuima pa fupa, ndipo elk ya papo limodzi imatha kuyenda makilomita ambiri osasiya magazi okwanira kuwatsatira chifukwa muvi sutulukira mbali ina. Munthu amene manja ake akunjenjemera, pa nyama yake yoyamba, anachita bwino kubweza nsinga. Zoti woitana azisunthira kumbali ndikuvomereza ndi mtima wonse.

Malume a ku Liwonde

Ndawerenga zonse mofatsa. Sindinganene kuti nkhawa yanga yatheratu, chifukwa a Banda atikumbutsa kuti alipo ena amene akanaponya muviwo. Koma ndamva kuti nyama imodzi inasiyidwa chifukwa sinaime bwino, ndipo inayo inanyamulidwa yonse osasiyako kanthu, ndiye kwa inu Bambo a Tadala ndilibe chodandaula. Ndingofunsa kuti nyama yochuluka chotero mumaigawa bwanji kumeneko? Kwathu wolasa anali ndi chiwalo chake, mwini dziko chake, ndipo otsala ankagawana.

Mayi a Chikondi, Denver

Musanayambe kugawa, Bambo a Tadala, kodi mutu wa nyamayo munaupereka kuti ukayezedwe matenda a CWD (chronic wasting disease)? Matendawa anaonekera koyamba kuno ku Colorado mu 1967, kwa agwape osungidwa ku Fort Collins, ndipo amagwira ubongo wa agwape ndi elk. Kuphika sikuwapha, ndipo nyama yodwala imatha kuoneka yathanzi kwa nthawi yaitali. Palibe munthu amene anatsimikizika kuti anawatenga, komabe a zaumoyo amalangiza kuti nyama yopezeka nawo isadyedwe.

Bambo a Tadala, Aurora

Mayi, mutuwo tinautulutsa pa ulendo womaliza ndipo mnzanga anaupereka kwa a Colorado Parks and Wildlife tsiku lotsatira. Nyama yonse ili mufiriji yolembedwa bwino, ndipo palibe amene alawe mpaka zotsatira zitabwera. Malume, kuno kugulitsa nyama yakutchire n'koletsedwa koma kupatsa ena n'kololedwa. Mwini nyamayo ndi mnzangayo popeza chiphaso chinali chake, ndipo iye wasankha kuti tigawane pakati chifukwa tinasenza limodzi. Gawo langa lina ndidzaphikira abale a kuno ku Aurora tikadzakumana. A Nkhoma, chaka chamawa ndikufuna kuyesa dera la maere kumene alenje amakhala ochepa, ndipo ndaona kuti tsiku lomaliza lolembetsa limakhala kumayambiriro kwa Epulo. Ngati mungakhale ndi mpata mwezi wa Febuluwale kabuku katsopano kakatuluka, ndikupempha kuti mudzandithandize kuwerenga mapu a madera awiri amene ndikuwaganizira.